Misewu Iwiri ya ku Nsanjiko

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo, monga munthu. Umene ndikuuzeni lerowu anthu a m'tauni ya Nsanjiko amati ndi wawo, ndipo nkhani yake amaikamba motere.

Ku khonsolo ya tauniyo kunali bambo ena, dzina lawo a Yotamu Gwedeza, amene ankayang'anira za misewu ndi ngalande. Anali munthu wofatsa, wosadya za eni. Pa zaka zonse zimene anagwira ntchito, panalibe amene anawaloza chala kuti asowetsa ngakhale thumba limodzi la simenti. Chilema chawo chinali chimodzi: mawu akuti "ayi" ankawalemera pakamwa. Aliyense wobwera ndi pempho ankafuna kuti abwerere akumwetulira.

Tauniyo inali ndi misewu iwiri ya tala imene inali itakalamba. Wina unkapita kumsika, wina kuchipatala. Yonse inali zigamba ndi maenje okhaokha, moti akabaza ankayenda mokhotakhota ngati aledzera. Chaka china khonsolo inapeza ndalama zoti misewu iwiriyo ipalidwe n'kuthiridwa phula latsopano. Ntchitoyo inapatsidwa kwa kontrakitala wina, Mayi Nankhoma, amene anakulira kumapiri koma za misewu anakaphunzira mumzinda. Anasainirana mgwirizano mvula itangosiya, anthu n'kuomba m'manja.

Koma makina asanafike n'komwe, katundu anayamba kukwera mtengo. Phula linkachokera kunja, ndipo ndalama ya dziko itachepa mphamvu, mgolo umodzi unayamba kudya zimene kale zinkagula migolo iwiri. Dizilo naye anakwera. Eni malole onyamula miyala anati sangayenderenso mtengo wakale.

Tsiku lina m'mawa Mayi Nankhoma anafika ku ofesi ya a Gwedeza.

"Bambo, ndabwera kuti tiuzane zoona nthawi ikadalipo," anatero atakhala pansi. "Ndalama zimene tinagwirizana zija sizikwananso misewu iwiri. Zikwana umodzi, ndi ngalande zake zomwe. Musankhe umodzi, ndiumalize bwinobwino mvula isanagwe. Winawo tiuike zigamba, udikire chaka chamawa."

A Gwedeza anagwira kuchibwano. "Mayi, anthu tinawalonjeza iwiri."

"Tinawalonjeza pa mtengo wakale. Mtengowo unapita, ndipo sindinaonepo mtengo ukubwerera m'mbuyo."

"Akuluakulu a kulikulu anena kuti mwina awonjezera."

"Mawu akuti 'mwina' sagula phula, bambo."

Nkhani simachedwa kufala m'tauni yaing'ono. Madzulo ake kunyumba kwa a Gwedeza kunafika a Chipokosa, khansala wa dera la kumsika, amenenso anali mlamu wawo wa a Gwedeza. "Alamu," anatero, "msonkho umene mumayendetsera khonsolo umachokera kwa amayi a tomato aja. Mukasiya msewu wa kumsika, ine ndikawauza chiyani?" A Gwedeza anati asadandaule. M'mawa mwake anafika a Mdzinga, khansala wa dera la kuchipatala. "Ndamva kuti mukufuna kukondera alamu anu. Odwala azingogwedezeka m'maenje chifukwa alibe m'bale ku khonsolo?" A Gwedeza anati nawonso asadandaule.

Choncho anaitana Mayi Nankhoma n'kuwauza kuti ayambe misewu yonse iwiri. Anthu akaona makina mbali zonse mitima ikhala pansi, ndipo ndalama zowonjezera zikabwera adzamaliza yonse.

Mayi Nankhoma anati, "Eni ntchito ndinu, ndichita. Koma mudziwe kuti msewu wopalidwa uli ngati nyumba yosasulidwa denga. Usanaugwire ungathe kudikira. Ukangoupala, sudikiranso."

Ntchito inayamba. Gireda inakanganula phula lakale pa msewu wa kumsika, kenaka pa wa kuchipatala. Malole anathira dothi lofiira ndi miyala, chimakina cholemera n'kumatsendera. Kwa kanthawi a Gwedeza ankayenda m'tauni ngati mkwati, aliyense akuwapatsa moni wa manja awiri. Koma makina akakhalitsa kumsika, a kuchipatala ankadandaula, a Gwedeza n'kulamula kuti asamuke. Akakhalitsa kuchipatala, a kumsika ankadandaula, makina n'kubwereranso. Ulendo uliwonse unkamwa dizilo amene akanagwira ntchito, ndipo mwezi uliwonse umene unkadutsa mtengo wa phula unkakwera. Kulikulu kunali zii.

Dzuwa la mwezi wa Okutobala litafika poswa mtengo, Mayi Nankhoma anagula phula ndi ndalama zimene zinatsala. Migolo anaiunjika kuseri kwa khonsolo.

"Limeneli likwana msewu umodzi, mwinanso osafika kumapeto," anatero. "Ndithire kuti?"

"Ndiloleni ndikambirane ndi makhansala."

Makhansala anakumana, anakangana, anabalalika osamvana. Chizimalupsa chinawaza, fumbi n'kugona, fungo la dothi n'kudzaza tauni. Mayi Nankhoma anabweranso kudzafunsa. A Gwedeza anati msonkhano wina uliko sabata yamawa. Usiku sankagona bwino, koma akaganiza za nkhope ya a Chipokosa, kenaka ya a Mdzinga, ankalephera kusankha.

Mvula yeniyeni sinadikire msonkhanowo. Inabwera masana ena, yamphepo ndi mabingu, a Gwedeza ali pa msewu wa kuchipatala kuona mmene zinthu zinalili. Anathawira pakhonde la golosale ina n'kumaonerera. Madzi ochokera kumtunda, posowa ngalande, analowa mumsewu momwemo. Dothi lofiira lija linasungunuka ngati phala, miyala n'kumakokoloka iwo akuona.

Ndiye kunatulukira ambulansi, nyali zake zikuphethira. Inayesa kukwera kachitunda ka pafupi ndi golosaleyo, mawilo n'kumangozungulira pamodzimodzi, mpaka inatitimira. Dalaivala anatsika akukuwa kuti m'katimo muli mayi woyembekezera amene matenda amuvuta. Amuna amene anabisala m'makonde anathamangira kukakankha, koma galimoto sinasunthe. Nesi amene anali m'katimo anati sangadikire, amunyamule basi.

Anamutulutsa pa machira atamufunditsa pulasitiki. A Gwedeza sanadziwe kuti achoka liti pakhonde paja. Anangozindikira agwira ngodya imodzi ya machirawo, matope akufika m'maondo, nsapato imodzi itatsalira m'mbuyo. Mayiyo ankabuula chapansipansi. Bambo amene anagwira ngodya ya pafupi nawo, amene sankadziwa kuti iwowa ndi a Gwedeza, ankalankhula yekha akupuma mwabefu.

"Maenje aja tinkawadziwa. Tinkawazemba, n'kufika. Amene anatikumbira msewuwu n'kuusiya chonchi, kaya amagona tulo totani."

A Gwedeza anangolimbitsa dzanja pa machira.

Anafika kuchipatala, anamwino n'kumulandira mayiyo. Ena onse anabwerera, koma a Gwedeza anatsala pakhonde, madzi akuyenderera m'zovala. Anakhala pamenepo mpaka anamva kulira kwa khanda, nesi n'kutuluka kudzanena kuti mayi ndi mwana apulumuka, ngakhale kuti zikanachedwa pang'ono zikanakhala zina.

Mvula itayamba kukata, anafika Mayi Nankhoma atavala majombo. Anali atayendera misewu yonse iwiri wapansi.

"Wa kumsika uli bwanji?" anafunsa a Gwedeza.

"Wang'ambika pakati. Lole ya kabichi yagona chammbali." Anakhala pa benchi pafupi nawo. Sanakalipe. Anangoti, "Kwathu kumapiri, ndili mtsikana, tinkapita kukatola nkhuni ndi msuweni wanga wina. Mvula ikatipeza, ine ndinkalowa m'phanga limene lili pafupi, ngakhale lopanikiza. Iye ankati akalowa ili, aona lija kuti ndiye labwino. Akathamangira lija, akumbuka kuti loyamba lija silidontha. Pofika kunyumba, wonyowa anali iye, chonsecho mapanga anali nawo awiri. Mapanga awiri avumbwitsa, bambo."

M'mawa mwake a Gwedeza anaima pamaso pa makhansala osadikira kuti wina awafunse. Anati mvula ikangopereka mpata, phula lonse lipita ku msewu wa kuchipatala, ndipo wa kumsika udikira. A Chipokosa anatuluka mokwiya, ndipo panapita miyezi osaponda pakhomo pa alamu awo. Kukonzanso zimene madzi anawononga kunadya gawo lina la ndalama, moti phula linathera pa geti la chipatala penipeni. Amayi a kumsika anapirira matope ndi fumbi kwa zaka ziwiri, pa msewu woipa kuposa umene anali nawo poyamba.

Mawu a Mayi Nankhoma aja anamveka kwa anamwino amene anali pafupi, ndipo anayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka anasanduka mwambi: mapanga awiri avumbwitsa. Kuvumbwa ndiko kunyowa ndi mvula. Mwambiwu umatiphunzitsa kuti pamene mphamvu zathu zikukwana chinthu chimodzi, tisankhe chimodzicho n'kuchigwira mpaka chithe. A Gwedeza sanabe kanthu, ndipo sanafunire munthu aliyense zoipa. Ankangoopa kukhumudwitsa mbali imodzi, ndipo pothawa zimenezo anavulaza mbali zonse. Kusankha kumawawa, ana inu, chifukwa pali wina amene amatsala akudandaula. Koma mvula siyembekeza munthu amene akadaima pakati.