Gologolo ndi Bokosi la Maloko Atatu

Chaka china cha njala, nyama zidayambitsa banki yosungira mtedza. Zidakhoma bokosi la maloko atatu, makiyi n'kupatsa akuluakulu: a Nyani, a Nguluwe ndi a Nungu. Lamulo lidati bokosi lizigona kwa wopanda kiyi, ndipo woba m'bokosimo adulidwe mchira.

"Kiyi ndilibe, mphamvu ndilibe," adatero Gologolo, m'mimba mukulira. "Lizigona kwanga."

Onse adavomera, poti adaganizira za maloko n'kuiwala za mano. Gologolo adaboola bokosi kunsi. Mtedza wina ankadya, wina ankabisa kudenga kwa nyumba yake.

Bokosi litapepuka, adayamba kuopera mchira wake. Adatapa mtedza m'chipewa, ulendo kwa a Nyani.

"Bwana, bokosi likudontha. Ndati ndiuze inu nokha."

A Nyani adacheuka uku ndi uku. "Lisiye lidonthe, mphwanga. Mawa ubwerenso."

Kwa a Nguluwe adanena zomwezo. "Zoipa zedi," adayankha, mtedza uli tho m'kamwa. "Koma chipewachi n'chaching'ono. Ulibe lichero?"

A Nungu adakwiya. "Ine ziphuphu sindilandira ndi manja anga! Siya pakhondepo."

Tsiku logawana, maloko onse atatu adatsegulidwa pamaso pa gulu. M'bokosi mudali makoko okhaokha. Mayi Njiwa, wamasiye wa ana anayi, adalira: "Mtedza wa ana anga! M'gwireni wosungayo, mpeni ubwere!"

Gologolo adagwada. "Ndiulule zonse, mabwana? Ndiyambire pa chipewa kapena pa lichero?"

"Anankafumbwe!" adakuwa a Nyani.

"Anankafumbwe ndithu," adatero a Nguluwe.

"Ndidawaona ndi maso angawa," adachitira umboni a Nungu.

Gologolo adabisa nkhope mumchira, akuseka.

Mayi Njiwa adapukuta misozi. "Ngati ndi anankafumbwe, adzaza nyumba yonse ya Gologolo. Itenthedwe, asanafike m'nkhokwe zathu."

Mabwana adayang'anizana. Kukana kukadawaulula. A Nungu ndiwo adathamangira chikuni chamoto.

Denga litagwira moto, fungo la mtedza wokazinga lidadzaza mudzi.

"Anankafumbwe akamapsa amanunkhira choncho," adafotokoza a Nguluwe, dovu likuchucha.

Gologolo adakwera mumtengo, mchira uli wathunthu, m'mimba muli pululu, ndipo mpaka lero nyumba alibe. Mabwana atatu aja adasankhidwanso chaka chotsatira, ndipo adagula loko wachinayi.