Tonde Amata Khola

Kunali kalekale, ziweto zisanadziwe chingwe cha munthu, pamene Tonde analakwa. Analakwa ndithu, ndipo palibe amene anamutuma. Anamata khola lake ndi matope mpaka mphepo inasowa polowera. Tsono mverani mmene zinayendera.

Masiku amenewo mbuzi zinkadzimangira zokha makola. Khola la Tonde linali la m'mwamba, loima pa nsichi. Pansi pake anayala timitengo motalikirana pang'ono kuti ndowe ndi mkodzo zizigwera kunsi. M'mbali munali mipata. Mphepo inkalowera uku n'kutulukira uko, ndipo mkati munkakhala mouma gwaa. M'kholamo Tonde ankakhala ndi mkazi wake Mkota, ndi ana awo amapasa, Mawanga ndi Kampini, amene anali atangobadwa kumene.

Tsono Tonde anali ndi fungo. Paja tonde aliyense ali nalo, koma lake linali loposa. Mphepo ikadutsa m'khola inkalinyamula mpaka kudambo, kumene Nkhanga ankapalasa. Nkhanga ndi Tonde anali pachilamu, choncho m'mawa uliwonse Nkhanga ankakwera pachulu n'kuyimba:

"Alamu adzuka, alamu adzuka,
Sindinawaone, mphuno yandiuza!"

Nkhuku zinkaseka. Abakha ankaseka mpaka kugwa chagada. Tonde ankangoweramitsa ndevu n'kudutsa.

Anakasamba kumtsinje, fungo silinachoke. Anadzikhula ndi mchenga, fungo silinachoke. Anagubuduka pa zitsamba zonunkhira za mpungabwi mpaka msana kuyabwa, koma m'mawa mwake Nkhanga anali pachulu pomwe paja.

"Alamu adzuka, alamu adzuka,
Sindinawaone, mphuno yandiuza!"

Tonde anati mumtima mwake, "Wamiseche si Nkhanga ayi. Wamiseche ndi mphepo. Ndiyo imatenga za m'nyumba mwanga n'kukazimwaza kudambo. Ndiitsekera."

Anapita kwa Nkhumba, mwini matope.

"Achimwene, mundigawireko matope ogwira bwino."

"Achitenji, a Tonde?"

"Ndimate khola."

Nkhumba anatukula mphuno m'thope. "Khola la mbuzi amamata? Ine matopewa ndimagonapo panja, pamphepo. Pakhoma sindinawaikepo."

"Ndapempha matope, achimwene. Nzeru ndabwera nazo zanga."

"Tapani. Dambo silitha."

Tonde anatuta matope, anatuta, anatuta. Atayamba kumata, Mkota anasuzumira pakhomo.

"Bambo a Mawanga, mukutani kodi?"

Tonde sakanatha kunena kuti nyimbo ya Nkhanga imamuwawa. Mwamuna wandevu mpaka pachifuwa n'kudandaula ndi nyimbo ya mbalame? Ndiye anati, "Chisanu chikubwera, mayi. Komanso Fisi amanunkhiza ana pamipatayi."

"Siyaniko kampata kamodzi pamwamba."

"Kampata kamodzi ndi khomo la Fisi."

"Fisi wake uti wolowa pamene sipalowa ndi mchira wanga womwe?"

"Za zomanga zisiyeni, mayi. Inu yamwitsani ana."

Anamata khoma la kum'mawa. Anamata khoma la kumadzulo. Ataona kuti mphepo ikukwera kudzera pansi, anazira pansi ponse, timitengo tija n'kukwiririka. Pamene khoma limakumana ndi denga anatsekapo ndi udzu.

Kutacha, Nkhanga anakwera pachulu. Ananunkhiza uku, ananunkhiza uko, n'kutsika osayimba. Tsiku limenelo Tonde anayenda mutu uli m'mwamba, ndipo anapereka moni ngakhale kwa abakha.

Tsono mwambo wa mbuzi ndi uwu: akuluakulu amapita kubusa, ana ang'ono amatsala m'khola chitseko chotseka, mpaka miyendo italimba. Choncho Tonde ndi Mkota ankatuluka m'mawa n'kukapuma mphepo ya kuphiri tsiku lonse. Mawanga ndi Kampini ankatsala mkati.

Ndowe zinasowa kogwera, zinaunjikana. Mkodzo unasowa kotsikira, unadikha pansi. Mpweya wa m'kamwa unasowa kotulukira, unakwera kudenga n'kumadontha ngati thukuta. Ukatsegula chitseko, fungo la mkodzo linkakulasa m'maso mpaka misozi.

Kampini anayamba kutsokomola. Kho! Kho!

"Bambo a Mawanga, mwana akutsokomola."

"Ndi chisanu chomwe ndinkanena chija. Pali pena patsala."

Anafufuza, anapeza kamng'alu pakona, anamata.

Mawanga naye anayamba. Kho! Kho! Mamina ali chuu.

"Bambo a Mawanga, ana onse awiri tsopano. Muno mukununkha zowawa. Boolani pamodzi pokha."

"Mukufuna Fisi adye ana anga?"

"Fisi sindinamuone. Chifuwa ndikuchimva."

Maso a Tonde nawo ankawawa, ndipo mumtima ankadziwa kuti mkazi wake akunena zoona. Anafika mpaka pakhoma, n'kugunditsapo nyanga pang'ono. Koma anakumbukira Nkhanga pachulu, anakumbukira abakha ali chagada. Anabwerera n'kunena kuti, "Tione mawa."

Mawa lake Kampini anakana bere. Mkota anafuna kutsala naye, koma mkaka unali utachepa, ndipo mbuzi yosadya siyamwitsa. Anapita kubusa akucheukacheuka.

Onse awiri anabwerako dzuwa likadali pamwamba, chifukwa Mkota mtima sunali m'malo. Mkota atakankha chitseko, chinalimba. Anakankhanso. Kuseri kwake kunali Kampini, atagona, mphuno ataikanikiza pansi pa chitseko pamene pankalowa kamphepo kochepa ngati ulusi. Anali atazizira kale. Mawanga anali pambali pake, nthiti zikukwera ndi kutsika ngati mvukuto.

Mkota sanalire, sanakalipe. Ananyamula Mawanga pakhosi n'kutsika naye, n'kukamugoneka pansi pa mtengo wa mthethe pamene pankawomba mphepo. Anabwerera, ananyamula Kampini, n'kukamugoneka pambali.

Tonde anatsala yekha m'khola. Masiku onsewo ankalowamo ali chiimire, mutu uli m'mwamba. Tsopano anagwada, n'kutsitsa mphuno mpaka pamene pankafika mphuno za ana ake. Anakoka mpweya kamodzi. Kukhosi kunatentha ngati wameza khala la moto. Anatsokomola mpaka kugwa cham'mbali.

Atadzuka anabwerera m'mbuyo, n'kuthamangira khoma. Gu! Matope anang'aluka. Gu! Chibuma chinagwa. Gu! Nyanga yakumanzere inathyoka, magazi n'kutsikira m'diso, koma sanaleke. Anagumula kum'mawa, anagumula kumadzulo, anapalasa pansi ndi ziboda mpaka timitengo tinaonekanso, ndowe n'kukhuthukira kunsi. Mphepo inalowa n'kudutsa.

Pofika madzulo Mawanga anatukula mutu n'kufuna bere.

Anansi anasonkhana pamaliro pansi pa mthethe paja. Nkhuku zinabwera, abakha anabwera, Nkhumba anabwera atasamba. Nkhanga anakhala kumapeto, mutu uli pansi. Monga mwa mwambo, aliyense ankayandikira mwini maliro n'kunenapo mawu.

Tambala anati, "Pepani a Tonde. Chisanu cha chaka chino n'choipa."

Bakha anati, "Inu munayesetsa. Tonse tinakuonani mukututa matope kuteteza ana kwa Fisi. Bambo wina akanatero?"

Tonde anamva mawuwo, ndipo anali okoma. Akanangogwedeza mutu, nkhani ikanathera pa chisanu ndi Fisi, ndipo palibe akanamufunsanso. Anayang'ana Nkhumba. Nkhumba anayang'ana kumbali. Anayang'ana Mkota. Mkota ankanyambita Mawanga pamsana, ndipo chibwerere kubusa anali asanamuyang'ane mwamuna wake ngakhale kamodzi.

Tonde anaimirira. Anayang'ana anansi onse n'kuyamba kulankhula.

"Abale, musanamizire chisanu. Fisi naye sanapondeko kuno." Anatembenukira kwa mkazi wake n'kugwada pamaso pa onse. "Mayi a Mawanga, ndinakunamizani. Ndinamata khola chifukwa ndinkachita manyazi ndi fungo langa. Munandiuza kuti ndiboole, ndinamva, ndipo ndinkadziwa kuti mukunena zoona. Kampini ndamupha ndine. Pepani, mayi. Ndalakwa."

Apa ndiye pothera nthano yanga, ana inu: wamkulu akatsekera mphepo kuti abise manyazi ake, amene amabanika ndi mwana.