Njere za Mpiru wa a Chikakuda

Ana inu, miyambi imene akuluakulu amatchula ija sinagwe kumwamba ngati matalala. Uliwonse uli ndi kwawo. Umene ndikuuzeni lerowu unamera m'dimba.

Kalekale m'mudzi wa Kamphata munali dimba lalikulu la mudzi wonse, m'mbali mwa kamtsinje kochokera kumapiri. Analitchinga ndi mpanda wa minga poopa mbuzi, ndipo banja lililonse linali ndi chigawo chake. Dimbalo silinkapuma. M'dzinja anthu ankathyolamo nkhwani, therere ndi bonongwe. Mvula ikatha ankafesa mpiru, matimati ndi anyezi. Likafika dzuwa loswa mtengo la m'chilimwe, onse ankakumana pachitsime ndi ndowa zawo, akutunga madzi othirira uku akuponyerana nthabwala.

Mwa alimi onsewo, katswiri anali a Chikakuda. Mpiru wawo unali wa masamba otambalala ngati lichero, wosawawa, ndiponso wosafulumira kuchita maluwa. Mbewu yake anawasiyira ndi malemu atsibweni awo, amene anawaphunzitsa kugwira khasu. Njerezo ankazisunga m'chipanda atazisakaniza ndi phulusa kuti tizilombo tisaziboole, pakamwa pake atatsekapo ndi chitsononkho.

Sindinganene kuti a Chikakuda anali munthu woipa. Masamba ankagawira aliyense, mpaka kukusenzetsa. Koma ukangotchula za njere, makutu awo ankagontha nthawi yomweyo.

Chaka china m'mudzimo munabwera mtengwa, dzina lake NaSimango. Pokhala mlendo, anam'patsa chigawo chakumtunda, chamiyala, kutali ndi chitsime. Tsiku lina m'mawa anafika pakhomo pa a Chikakuda n'kugwada.

"Pepani bambo, ndabwera kudzapempha tinjere ta mpiru wanu uja. Kwathu sindinauonepo wotere."

A Chikakuda anakanda m'mutu. "Aa, mayi, mwachedwa. Chaka chino njere zandithera."

Akazi awo, aNankhoma, anali pakhonde akupeta nyemba. Sanadzutse n'komwe mutu. "Abambo a Tiyese, nanga chimene chimalira dzulo mukugwedeza chipanda chija chinali chiyani? Kapena makutu angawa ayamba kukalamba?"

Manyazi anawagwira bambo aja. Analowa m'nyumba akung'ung'udza, natsina njere ndi zala ziwiri, zochepa kuposa fodya wapamphuno. Anazikulunga m'khoko la chimanga n'kupereka akuyang'ana kumbali. NaSimango analandira ndi manja awiri, nathokoza ngati wapatsidwa mbuzi.

Anakafesa pachigawo chake chija, naphimba ndi udzu. M'mawa uliwonse wa nyengo yozizira ankakwera chitunda ndowa ili pamutu, zala zitauma ndi chisanu. Inamera mipiru khumi ndi umodzi yokha. Isanu ndi itatu ankathyolako ndiwo, koma itatu yonenepa kwambiri anaimanga luzi kuti wina asaikhudze. Inakula, inachita maluwa achikasu, inabereka.

A Chikakuda podutsa anaseka. "Ndiwo zake zochepa chonchi, n'kusiyanso itatu? Ana a masiku ano!"

Chaka chinatembenuka. Dzinja litayamba kupita kumapeto, kunachita ng'amba ya masabata awiri. Anthu ena anati adikire kaye, poti mvula yotsanzika inali isanagwe. Koma a Chikakuda anafuna kuti mpiru wawo uyambe kudyedwa anzawo asanafese n'komwe. Anatsikira m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, pamene pali dothi lakuda lonona, nakonza nazale yaikulu. Kenaka anazula chitsononkho n'kupendeketsa chipanda.

"Siyaniko pang'ono, inu," anatero aNankhoma. "Mbewu safesa yonse tsiku limodzi."

"Njere yokhala m'chipanda sidyetsa munthu," anayankha a Chikakuda, akugogoda chipandacho kuti zotsalira zigwe.

Mbande zinamera bwino, zobiriwira, zothithikana. A Chikakuda ankayenda m'dimba chifuwa chili patsogolo.

Ndiye tsiku lina masana, kumudzi kuli dzuwa, kumapiri kunada bii. Mvula inagwa kumeneko, m'mudzi osadontha ngakhale dontho. Anthu anangomva mkokomo, ndipo posakhalitsa mtsinje unasefukira utanyamula zitsa ndi mapesi. Pofika madzulo madzi anali ataphwera. Pamene panali nazale ya a Chikakuda panangotsala mchenga woyera.

Bambo aja anakhala pachulu manja ali m'masaya. Sankalira njala ayi, poti nkhwani unalipo ndipo chimanga chinali chitakhwima. Chinkawapweteka mtima n'chakuti mbewu imene atsibweni awo anaisunga moyo wawo wonse inali itathera m'manja mwawo. Masiku atatu sanapondeko kudimba, ndipo chipanda chopanda kanthu chija anachiponya kuseri kwa nkhokwe.

Tsiku lachinayi kunamveka odi. Anali NaSimango, atanyamula kamphika kovindikira ndi mbale.

"Bambo, ndabwera ndi katundu wanu."

"Katundu wanji, mayi? Ine sindinakusungitseni kanthu."

"Munandisungitsa chaka chatha, m'khoko la chimanga," anatero NaSimango akuvundukula kamphikako.

Munali njere za mpiru zosakaniza ndi phulusa. A Chikakuda anatapako, naziyang'anitsitsa pachikhatho. Anazidziwa, monga mmene munthu amadziwira nkhuku yake pakati pa za eni.

"Zonsezi zachokera pa mipiru itatu ija?"

"Eya bambo. Zina ndatsala nazo, zina ndinagawirako anzanga awiri akumtunda kuja. Mbewu ya atsibweni anu siinafe."

ANankhoma anakatola chipanda chija, nachipukuta ndi chitenje. NaSimango anathiramo njere mpaka zinafika m'khosi mwake. A Chikakuda anayang'ana chipandacho, misozi ikulengeza. Kenaka anapukusa mutu.

"Zimene ndinatsekera ndi chitsononkho zapita ndi madzi. Zimene ndinapereka ndikung'ung'udza ndi zimene zandibwerera. Kani kupatsa n'kuika!"

"Mukanatsina ndi zala zitatu, bwenzi lero tikufunafuna chipanda chachiwiri," anatero aNankhoma, ndipo onse anaseka, ngakhale eni ake omwe.

Mvula yotsanzika itadutsa, a Chikakuda anafesanso, ulendo uno atasiyako theka. M'nyengo yozizira imeneyo mpiru wa masamba ngati lichero unabiriwira m'zigawo zinayi, ndipo chaka chotsatira unali m'dimba lonse. Kuyambira pamenepo m'Kamphata munakhazikika mwambo: aliyense ankasiya mbewu zitatu zomanga luzi, ziwiri zake, imodzi ya wodzapempha. Pachitsime, wina akayamba kuumira, anzake ankangomukumbutsa mawu a a Chikakuda, mpaka mawuwo anafalikira midzi ina.

Choncho mukamva akulu akunena kuti "Kupatsa n'kuika," dziwani tanthauzo lake. Kuika ndi kusunga chinthu pamalo abwino kuti udzachipeze m'tsogolo. Chimene wapatsa mnzako sunataye, wangochisungitsa m'nyumba ina, kumene moto kapena madzi ofika kwanu sangachipeze. Tsiku la tsoka lako chidzabwera chokha pakhomo n'kuchita odi.