Tiyanjane Asankha Zida za Kompyuta

Panali mayi wina mumzinda wa Blantyre, dzina lake Tiyanjane, amene ankagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala. Anali munthu wokonda kufunsa. Akakwera minibasi, ankafuna kudziwa chifukwa chake injini ikutsokomola pokwera chitunda. Akaona anthu akukumba ngalande m'mbali mwa msewu, ankaima n'kusuzumira. Anzake akuntchito ankamuseka kuti tsiku lina adzaimitsa nkhuku n'kuifunsa chifukwa chake sikodza.

Mayiyu ankakhala ndi mlongo wake wamng'ono, Kambani, amene anali wakabaza wa njinga yamoto. Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina galimoto inamugunda pamphambano, mwendo unathyoka pawiri, njinga inasanduka mulu wa zitsulo. Madokotala anati adzayenda, koma osati msanga, ndipo za njinga aiwale kaye.

Atatuluka m'chipatala, Kambani anadzitsekera kuchipinda. Anzake a pasiteji ankabwera kudzamuona, koma iye ankangoyankha kuti eya kapena ayi, mpaka anzakewo anayamba kubwera mwa apo ndi apo. Tiyanjane anachita zonse zimene mlongo angachite. Ankamutenthetsera madzi. Ankamubweretsera chakudya pabedi. Ngakhale foni ankamutchajira ndi iyeyo. Kambani ankati, "Zikomo, achemwali," kenaka n'kutembenukira kukhoma.

Madzulo ena, polowa ndi tiyi, Tiyanjane anamupeza akuyang'ana pafoni, maso ali tong'o. Pafonipo magalimoto ankathamangitsana pamsewu wokhotakhota. Nkhope ya Kambani inali yowala monga kale.

"N'chiyani chimenecho?"

"Magemu chabe," anatero Kambani, n'kuvundikira foni pabulangeti.

Tiyanjane sanafunsenso. Anatuluka ali ndi ganizo mumtima: amugulira mlongo wake kompyuta ya magemu, ndipo samuuza mpaka tsiku limene adzaiike patsogolo pake.

Mnzake wina wakuntchito anamuuza kuti kompyuta wamba ya muofesi singakwanitse magemu otere. Anati odziwa amagula zida chimodzichimodzi n'kuzilumikiza okha.

"Kompyuta amamanga ngati nyumba?" anadabwa Tiyanjane.

Mnzakeyo anamulozera sitolo ina ku Limbe, pamwamba pa nyumba yosanja, ya bambo wina wotchedwa a Jumbe. Loweruka lotsatira Tiyanjane anakwera masitepe n'kulowa.

"Takulandirani, mayi. Tikuthandizeni chiyani?"

"Ndikufuna kumanga kompyuta ya magemu, koma sindikudziwa kanthu. Tiyambe ndi ichi. N'chiyani?"

A Jumbe anatulutsa kachitsulo kakang'ono ngati bisiketi. "Iyi ndi pulosesa. Ndiyo imaganiza."

"Kakang'ono chonchi? Nanga ikaganiza, imauza ndani?"

A Jumbe anaseka, n'kuika patebulo bolodi lakuda lodzaza ndi timizere, ngati mzinda ukamauonera paphiri. Anamuonetsa kabwalo kamene pulosesa imakhalapo. Tiyanjane anatenga pulosesa ina imene inali pambali, anaiyandikitsa, ndipo anaona kuti sikukwanira.

"Si pulosesa iliyonse imene imakhala pa bolodi lililonse," anatero a Jumbe. "Musanagule ichi, muyenera kudziwa kuti chimagwirizana ndi chiti."

Mawu amenewa anamukoma kwambiri Tiyanjane. Anapita kwawo akuwabwereza. Loweruka linalo anabweranso, linalonso anabweranso, mpaka a Jumbe anayamba kumusungira mpando.

Anaphunzira za timitengo tiwiri totchedwa ramu, pamene kompyuta imayala zinthu zimene ikugwira panthawiyo. Anafunsa chifukwa chake timakhala tiwiri osati kamodzi kakakulu. Ananyamula khadi ya zithunzi, yolemera ngati njerwa, yokhala ndi mafani atatu, ndipo anamva kuti imeneyi ndiyo imajambula magalimoto, fumbi ndi mitambo pasikirini. Anamva kuti khadi yaikulu imadya magetsi ambiri, choncho imafuna bokosi logawa magetsi lamphamvu. Anamvanso kuti chodya kwambiri chimatentha kwambiri, ndiye pamafunika mphepo, ndipo mphepo imafuna malo. Funso lililonse linkabereka linzake. Tsiku lina anafunsa ngati munthu angagule khadi yamphamvu n'kuiphatikiza ndi pulosesa yofooka.

"Angathe," anayankha a Jumbe, "monga angathenso kumanga ng'ombe ndi mbuzi pa ngolo imodzi."

Pang'ono ndi pang'ono Tiyanjane anasankha zida zake. Chilichonse anachifunsa za chinzake, ndipo zonse zinagwirizana. Pa khadi ya zithunzi anasankha yamphamvu kwambiri imene thumba lake likanatha kupirira, pakuti anati mumtima, mlongo wanga wavutika mokwanira, alandire chabwino koposa. Anagwirizana ndi a Jumbe kuti iwo ndiwo adzalumikiza zonse, iye adzangotenga chinthu chomangidwa kale.

Masiku onsewa Kambani anali chigonere kuchipinda, osadziwa kanthu.

Tsiku logula linafika. A Jumbe anaunjika mabokosi pakauntala, la khadi ya zithunzi lili pamwamba. Pamene ankafunafuna thumba loikamo, Tiyanjane anamva phokoso kumbuyo kwa sitolo, kumene anthu ankayeserako makina. Monga mwa khalidwe lake, anapita kukasuzumira.

Mbali ina kunali kompyuta yaikulu yowala mitundumitundu. Patsogolo pake panakhala bambo mmodzi, atavala zomvera m'makutu, ali chete, maso ali pasikirini, akuoneka wokhutira. Mbali inayo kunali kompyuta yakale yopanda ulemerero uliwonse. Amuna awiri anakhala pabenchi limodzi, aliyense atagwira padi yake, kachipangizo kowongolera gemu, akusewera mpira, akukuwa ndi kugundana mapewa.

"A Jumbe," anatero Tiyanjane, "bwanji awa akusangalala chonchi, pamene makina awo ndi ofooka?"

"Gemu yawoyo siifuna mphamvu zambiri. Komanso ali awiri. Uyo naye akusangalala, kungoti mwa njira yake. Zimatengera munthu, mayi. Amene mukumugulirayo amakonda zotani?"

Tiyanjane ankadziwa pulosesa imene imagwirizana ndi bolodi lake. Ankadziwa magetsi amene khadi yake imadya. Koma sankadziwa ngati Kambani amakonda kusewera yekha kapena ndi anthu. Sankadziwa ngati magalimoto aja anali chimene iye amakonda, kapena chinangopezeka pafoni madzulo amenewo. Zonse zimene anamanga zinatsamira pa kuona kamodzi kokha, ali pakhomo ndi kapu ya tiyi.

Anabwerera pakauntala, n'kukankhira mabokosi aja kwa mwini sitolo.

"Zisungeni kaye. Alipo mmodzi amene sindinamufunse."

Anafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba. Analowa kuchipinda, anakhala m'mphepete mwa bedi, n'kuulula chinsinsi chonse: masitepe a ku Limbe, a Jumbe, pulosesa, khadi ya mafani atatu. Pomaliza anati, "Ndimafuna ndikudzidzimutse. Koma ndaona kuti sindikudziwa chimene iwe ukufuna. Tandiuze."

Kambani anatembenuka n'kumufunsa.

"Mwagula kale?"

"Ayi."

"Omanga ndani?"

"A Jumbe. Ife tikanangoitenga yomangidwa kale."

Kambani anayang'ana manja ake. Kenaka anayankhula pang'onopang'ono, ngati munthu woponda pamwala woterera.

"Achemwali, chimene chinathyoka ndi mwendo. Manjawa ali bwinobwino. Njinga ija ndinkaimasula ndekha injini yonse n'kuibwezeretsa. Chitulukireni m'chipatala sindinagwirepo ngakhale sipanala. Madzi mumanditenthetsera. Chakudya chimandipeza pabedi. Sindikudandaula ayi, Mulungu akudalitseni. Koma ndatopa n'kulandira."

Anatenga foni n'kumuonetsa. "Tsiku lija munaona mpikisano wa magalimoto. Koma zimene ndimaonera kwambiri ndi izi."

Pafonipo panalibe magalimoto. Panali manja a munthu, akulowetsa timitengo ta ramu pabolodi, akumanga timasikuluwu, akukonza mawaya kuti mphepo izidutsa bwino.

Tiyanjane anamva manyazi ndi chimwemwe nthawi imodzi. Koma chidwi chake chinaposa zonse ziwiri. Anasendera pafupi.

"Ndiye iwe ungandiuze. Kaphala kotuwa kamene amapaka pamwamba pa pulosesa, n'kachiyani? A Jumbe anandifotokozera, koma sindinakhutire."

Kambani anadzuka n'kutsamira khoma. Anatenga masupuni awiri m'mbale, anawaphatikiza, n'kumuonetsa kuti zitsulo ziwiri ngakhale zioneke zosalala chotani, pakati pake pamatsala timipata, ndipo kaphalako kamatseka timipatato kuti kutentha kuwoloke. Anayankhula mpaka tiyi amene anali pambali pa bedi anazizira. Chichitikireni ngozi ija, Tiyanjane anali asanamumvepo akuyankhula motalika chonchi.

Loweruka lotsatira anapita awiri. Atafika pansi pa masitepe, a Jumbe anasuzumira ali pamwamba n'kunena kuti atsitsa zidazo, mnyamatayo asavutike. Kambani anakana. Anakwera yekha ndi ndodo zake, akupumira panjira, thukuta lili kamukamu, mlongo wake ali pambuyo manja ali chire koma osamugwira.

M'sitolomo Kambani anatembenuza bokosi lililonse n'kuwerenga kumbuyo kwake. Pulosesa ndi bolodi zimene mlongo wake anasankha anazivomera, ndipo anamuyang'ana modabwa.

"Izi mwasankha nokha, achemwali?"

"Ndekha."

Koma khadi ya mafani atatu anaibweza, n'kutenga yapakatikati. Anati magemu amene iye amafuna imeneyi iwakwanitsa, ndipo yaikuluyo ingamangotentha chipinda pachabe. M'malo mwake anasankha bokosi logawa magetsi labwino kuposa lija, poti kudera kwawo magetsi amabwera modumphadumpha, ndipo bokosi lachabechabe likapsa limapita ndi anzake. Anatsutsana ndi a Jumbe za mafani mpaka onse awiri anaseka. Pomaliza anaika pakauntala mapadi awiri.

"Yachiwiriyi ndi ya ndani?" anafunsa Tiyanjane.

"Yanu. Mukatopa n'kugonja, ndidzaitana anzanga a pasiteji."

Kompyutayo anaimangira patebulo la pabalaza, osati kuchipinda. Kambani anakhala pampando, mwendo atausanjika pa kampando kena, ndipo Tiyanjane ankamupatsira timasikuluwu uku akufunsa dzina la waya uliwonse. Zonse zitalowa m'malo mwake, Kambani anapukuta manja n'kudina batani.

Sipanachitike kanthu. Fani sinazungulire. Sikirini inali bii.

Tiyanjane anaganiza kuti mlongo wake atenga ndodo zake n'kubwerera kukhoma kuja. Koma atamuyang'ana, anapeza akumwetulira.

"Tsopano ntchito yayamba," anatero Kambani.

Anatsegulanso chivundikiro, anaweramira mkati, n'kuyamba kutsata waya uliwonse ndi chala, monga ankachitira njinga ikakana kulira. Anapeza umodzi umene sunalowe mpaka kumapeto. Anaukankha, unalira kuti thwa. Anadinanso batani, ndipo mafani anayamba kuzungulira.

Inu amene mukundimva, akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma taonani, Tiyanjane sanali waulesi pofunsa. Anafunsa zitsulo, anafunsa mawaya, anafunsa wogulitsa, ndipo pa zonsezi sanalakwitse. Amene anatsala pang'ono kumudumpha ndi munthu amene ankagona naye nyumba imodzi. Ifenso timatero, makamaka kwa amene timawakonda. Timawaona kamodzi tili pakhomo, n'kuganiza kuti tadziwa chimene akusowa. Timawasankhira sukulu, ntchito, mphatso, ngakhale chitonthozo, ndipo timasankha chachikulu koposa kuti chikondi chathu chionekere. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kunyumba kwanu aliko wina amene mwakhala mukumuchitira zabwino osamufunsa. Mukafika lero, musayambe ndi kumupatsa. Khalani pansi pafupi naye, mumufunse chimene akufuna, ndipo akachedwa kuyankha, dikirani.