Mwandida ndi Chilombo cha Mchere

Kalekalelo, ku dambo la Nkhwazale kumene anthu ankapala dothi n'kutcheza mchere, kunali lamulo: osapala kupyola chulu chofiira. Tsiku lina mtsikana wina, Ndaziona, anapyola, poti dothi la uko linali mbee. Nthaka inang'ambika, munatuluka chilombo cha mitu isanu, thupi lonse mchere wokhawokha, n'kumunyamula.

Amuna anachilondola ndi mikondo. Akadula mutu, wina tumphu! Anabwerera manja lendelende.

"Ndipita ine," anatero Mwandida, mng'ono wa Ndaziona, amene ntchito yake inali kudikira madzi akudontha mumphika wotchezera.

"Iwe? Ukachikwapula ndi chipande?" anaseka malume ake.

Mwandida sanakhalenso pansi; ananyamula mphika wake ndi timadzi takumwa. Anayenda, anayenda, zidendene kung'aluka. Pachithaphwi chouma anapeza chule ali wefuwefu, namuthira timadzi take totsala.

"Mwanawe, tandiyankha," anatero chule. "Chobadwa m'madzi n'kuferanso m'madzi n'chiyani?"

"Mchere, agogo."

"Nanga chilombocho mvula imachilephera bwanji? Kaone wekha. Ukandifuna, menya mphika katatu."

Kuphanga la chilombocho anapeza Ndaziona atawonda, akudzoza chilombo mafuta a nsatsi, mutu ndi mutu.

"Thawa, mwana wa amayi!" ananong'ona Ndaziona.

"Khalani chete, achemwali. Ndazindikira."

Wotcheza aliyense amadziwa: mchere ukagwera m'mafuta umangokhala gwa, susungunuka. Mafutawo ndiwo anali chishango chake.

"Kodi kanyama aka n'kayani?" unafunsa mutu wapakati.

"Ndabwera kudzathandiza kudzoza, bwana. Komatu mwatuwa! Mafuta akale aundana. Tiyambe takukhulani ndi phulusa kuti atsopano alowe."

Mitu inayi inakondwa. Wachisanu unakayika, koma anzake anaukalipira. Chilombo chinatuluka n'kugona pathanthwe, atsikana n'kuchikhula, kuchikhula, mpaka khungu linayera ngati ufa.

"Mafuta aja msanga!" chinabangula.

Mwandida anamenya mphika: ngo, ngo, ngo! Chule analira kutali, mitambo inasonkhana, mvula wa-a-a! Chilombo chinathamangira kuphanga, koma miyendo inasungunukira panjira. Mitu inagwa umodziumodzi, ikutukwanana, osaphukanso. Panatsala dziwe lowawa.

Mwandida anabereka mkulu wake mpaka kumudzi, ntchembere zikululuta. Madzi a dziwelo anthu anawaphika miyezi itatu, ndipo mtanda woyamba wa mchere anauika m'manja mwa Mwandida amuna onse ataimirira.

Amene anandisimbira anathera pamenepa, nane ndanyamula thumba langa.