Zitseko za Sitima ya Kalilangwe

Panali munthu wina amene moyo wake wonse unathera pa njanji. Dzina lake anali Kalilangwe. Anayamba ntchito akuthira malasha m'ng'anjo ya sitima, nkhope ili bii ndi mwaye. Anadzapuma mutu uli mbuu, sitima za malasha zitaiwalika kale, pa njanji pakulira za dizilo zokhazokha.

Kupuma sikunamuyanje. M'mawa ankadzuka, kusamba, kuvala, kenako n'kusowa kolowera. Mapazi ankangomutengera ku siteshoni. Kuseri kwa siteshoniyo kunali shedi yakale, ndipo m'menemo munali mutu wa sitima ya malasha ndi mabogi angapo a matabwa. Dzimbiri linali litadya zitsulo. Mileme inali itamanga mudzi kudenga. Kalilangwe anapita kwa akuluakulu a njanji kukapempha kuti amulole kuukitsa sitimayo. Iwo anamuseka, koma anamulola.

Anaitana anzake opuma ntchito ngati iye. Anapala dzimbiri, anasoka mipando, anasulitsa zitsulo zimene zinalibenso kogula. Zaka zinapita. Ena mwa anzakewo anamwalira ntchito ili pakati. Koma tsiku lina utsi unafuka, sitima inalira, ndipo amuna okalamba anagwetsa misozi osabisa nkhope.

Pa zonse za m'sitimayo, Kalilangwe ankakonda kwambiri zitseko. Zinali za mlombwa, zolemera, zogwirira zake za mkuwa. Zinkatsegukira kunja. Aliyense ankatha kupotoza chogwirira n'kukankha, kaya sitima yaima kaya ikuthamanga. Akale ankapanga choncho.

Pa masiku a tchuthi sitimayo inayamba kunyamula anthu okaona malo. Inkayenda pa njanji yaikulu, mopatsana mpata ndi sitima za katundu. Kunkabwera nkhalamba zimene zinakwerapo sitima zotere popita ku migodi, ndipo zinkangokhala chete zikusisita mipando. Kunkabweranso achinyamata ndi mafoni awo, kudzajambulitsa ataimirira pakhomo, mphepo ikuulutsa malaya. Dzina la Kalilangwe linamveka kutali.

Kenako kunabwera lamulo. Analibweretsa mayi wina woyendera za chitetezo cha pa njanji. Mayiyo anayenda m'mabogi onse mosafulumira. Anagwira chogwirira chimodzi, kuchipotoza ndi zala ziwiri, chitseko n'kutseguka.

"Bambo Kalilangwe, sitima yanu ndi yokongola," anatero. "Koma lamulo likuti pa njanji yaikulu zitseko zonse za sitima yonyamula anthu zizikhala ndi maloko a magetsi. Gadi wa sitima yekha ndiye azizitsegula, zonse pamodzi, sitima ikaima pa siteshoni."

"Mayi, kuti muike zimenezo ndiye kuti muboole mlombwa uwu, mudutsitse mawaya ngati m'khola la nkhuku. Zitseko izi zinatumikira agogo anu. Ine sindinamvepo munthu akudandaula kuti anagwa."

"Amene anagwa sabwera kudzadandaula, bambo."

Kalilangwe sanagonje. Anayenda m'maofesi. Anayankhula pa wailesi. Anthu a m'tauni anaima naye, akuti a boma angofuna kupha chinthu chokhacho chokongola chimene chatsala. Potsiriza mayi uja anabweranso ndi mawu a akuluakulu ake. Anamupatsa nthawi mpaka mvula itatha kuti aike malokowo. Podikira, chitseko chilichonse chikhale ndi mpiringidzo wokiya, kiyi asunge gadi, ndipo pasakhale mpiringidzo womasulidwa sitima isanaime pa malo otsikira.

"Ndakumenyerani nkhondo kuti mulandire mpata uwu," anatero mayiyo. "Ndikhulupirire mawu anu?"

"Ndine munthu wa pa njanji, mayi. Mawu anga ndi amodzi."

Anakhomadi mipiringidzo ija, mtima ukuwawa pa msomali uliwonse. Gadi wake anali Mpinganjira, mmodzi mwa anzake amene anapala nawo dzimbiri. Pa ulendo uliwonse Mpinganjira ankakiya zitseko sitima isananyamuke, n'kudzatsegula itaima. Okwera ankang'ung'udza. Achinyamata ankati ulendo wasukuluka. Kalilangwe ankamva zonsezo, koma lonjezo ankalisunga.

Tsono munthuyu anali ndi mwana wamkazi mmodzi yekha, dzina lake Mwatitha. Mwatitha anapeza banja. Mnyamatayo kwawo kunali kumudzi wina wa m'mbali mwa njanji, kutsidya kwa mtsinje. Anagwirizana kuti ukwati ukadalitsidwa m'tauni, madyerero akachitikire kuchimuna. Kalilangwe anati mwana wake sapita pa lole ngati thumba la chimanga. Adzapita pa sitima ya atate wake, pamodzi ndi abale a mbali zonse ziwiri.

Mayi a mkwati anali a Nankhoma, mayi wamasiye amene analera mwana wawo okha ndi khasu. Moyo wawo wonse ankaona sitima zikudutsa kumunsi kwa munda wawo, koma anali asanakwerepo. Tsopano maso awo anali atachita ng'ala. Ankaona kuwala ndi zithunzithunzi za anthu, osati zambiri kuposa apo. Pa tsikulo anasankha kukhala m'bogi lomaliza, pafupi ndi chitseko, kutali ndi phokoso. Pamiyendo pawo panali chitenje chatsopano chopindidwa bwino. Anachigula kuti akachiyale pansi, mpongozi wawo apondepo potsika pa nthaka ya kwawo.

Inali nyengo ya dzuwa, mvula isanagwe. Sitima inanyamuka masana, zitseko zonse zili zokiya. Mazenera a mabogi akale ndi aang'ono. Amuna anali m'majekete, amayi m'nsalu zolemera, ndipo posakhalitsa thukuta linali kamukamu. Makanda anayamba kulira. Nyimbo zinazilala.

M'bogi la akwati munali malume a mkwati, amene analinso nkhoswe. Anali munthu wa mawu aakulu, wokonda kuseketsa anthu. Anayesa chitseko, n'kupeza chokiya. Anatembenuka, kuyang'ana Kalilangwe pamaso pa onse.

"Kodi a Kalilangwe, ife tabwera ku ukwati kapena tamangidwa? Kwathu zimene timazitsekera chonchi ndi mbuzi. Kapena mukuopa kuti mkamwini wanu athawa?"

Bogi lonse linafa ndi phwete. Ena anawonjezera zawo. Wina anati sitima yotchuka ija ndi imeneyi, ndende yoyenda?

Kalilangwe anayang'ana mwana wake. Mwatitha anali atazolika mutu m'velo yake, monga amachitira mkwatibwi aliyense. Koma atate ake anaona ngati mwanayo akuchita nawo manyazi. Magazi anamukwera kumutu. Anaimirira, n'kupita kwa gadi.

"Ndipatse kiyi."

"Achimwene, tinalonjeza mayi aja."

"Mayi aja sali muno. Sitimayi ndi yanga, mwanayu ndi wanga. Ndi lero lokha."

Mpinganjira anapereka kiyi.

Kalilangwe anayenda yekha kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, akumasula mpiringidzo uliwonse ndi dzanja lake. Zitseko zina anthu anazikankhira kunja. Mphepo inalowa. Amayi analulutira. Wina anayambitsa nyimbo yotama mwini sitima, ndipo bogi ndi bogi inalandiridwa. Atafika m'bogi lomaliza anamasulanso mpiringidzo wa pafupi ndi a Nankhoma, koma chitsekocho anachisiya chotseka.

"Mukuyenda bwino, mayi?"

"Ndikuyenda ngati mfumu, bambo. Mulungu akudalitseni."

Anabwerera kutsogolo mtima uli m'malo. Palibe amene anagwa. Achinyamata ankajambulana pakhomo atagwiritsa zolimba. Malume aja anamugwira chanza, akuti tsopano tadziwa kuti takwatira kwa anthu.

Kufupi ndi siteshoni ya kumudzi kuja njanji imawoloka mtsinje pa mlatho wautali. Sitima itakwera pa mlathowo, woyendetsa anaona getsi lofiira kutsogolo. M'siteshoni munali mukadali sitima ya katundu. Anaimitsa, monga anayenera kuchitira. Mutu wa sitima ndi mabogi akutsogolo zinali zitawoloka kale. Bogi lomaliza linaima pamwamba pa mtsinje.

Kuchokera ku siteshoni kunkamveka ng'oma ndi nyimbo za amayi odikira akwati. Munthu wina kutsogolo anafuula kuti, "Tafika!" Mawuwo anayenda m'mabogi, pakamwa ndi pakamwa, mpaka kumbuyo. Kutsogolo kunja kwa chitseko kunalidi nthaka. Kumbuyo kunalibe.

A Nankhoma anamva kuti sitima yaima. Anamva nyimbo, ndipo anazindikira mawu a anzawo a m'mudzi. Anafuna kutsika msanga, ayale chitenje mkwatibwi asanaponde pansi. Anthu a m'bogimo anali otanganidwa kutsitsa katundu wawo. Mayiwo anaimirira, kupapasa chitseko, n'kupeza chogwirira. Chinapotoka mosavuta. Kunja kunali kuwala kokhakokha. Anakumbatira chitenje chawo, n'kuponya phazi.

Mtsinjewo unali utaphwa. Pansi panali miyala.

Akutsogolo sanamve kanthu. Getsi linasintha, sitima inalira, n'kulowa m'siteshoni pang'onopang'ono. Mabogi akutsogolo ankaimba. Bogi lomaliza linkalira maliro. Odikira aja anayamba avina, kenako mmodzimmodzi anaima, osadziwa kuti amvere ziti.

Chakudya chimene chinaphikidwira ukwati anadya ndi anthu a pamaliro. Malume aja analira kuposa onse, ndipo ankauza aliyense kuti iwo anaona kuyambira pachiyambi kuti sitimayo inali yosalongosoka. Mpinganjira sanafikenso ku shedi, ngakhale kunyumba kwa mnzake.

Mayi woyendera uja anabwera maliro ataikidwa. Sanakalipe. Anaima pa chitseko cha bogi lomaliza, kuyang'ana mpiringidzo umene unali wabwinobwino, wosathyoka, wosapindika.

"Anamasula ndani?"

"Ndine, mayi."

Mayiyo anagwedeza mutu, n'kuchoka. Sitima ija inakokedwa ndi mutu wa dizilo kubwerera ku shedi, mopanda munthu m'kati, ndipo sinatulukenso. Mlandu unazengedwa, chilango chinaperekedwa. Kalilangwe anachilandira osatsutsa. Koma chimene chinamudya sichinali cha kukhoti.

Mkamwini wake sanamunenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Akakumana ankavula chipewa, kupereka moni mwaulemu, n'kupitirira. Posakhalitsa anapempha kuti amusamutsire ntchito kutali. Mwatitha ankabwera kudzaona atate ake mwa apo ndi apo, yekha, pa basi. Tsiku lina ali pakhonde, mkuluyo analimba mtima n'kufunsa.

"Kodi amuna ako amati chiyani za ine?"

"Sanena kanthu, bambo."

"Nanga iwe?"

Mwatitha anati, "Anzanga tsiku la ukwati wawo likakwana amagula nsalu, amapha nkhuku. Ife likakwana timapita kukalambula kumanda."

Kalilangwe sanafunsenso china, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Inu amene mukundimva, munthuyu sanali woipa. Sanali chidakwa, sanali waulesi, ndipo njanji ankaidziwa kuposa mayi amene anamubweretsera lamulo. Chimene chinamugonjetsa ndi kuseka kwa anthu. Akulu anati manyazi anapha lambe, koma apa manyazi a wina anapha wina. Ndipo onani bwino: amene anapempha kuti zitseko zitseguke si amene anagwa. Iwo anafika ndi miyendo yawo, n'kuiwala zimene ananena.

Ambiri mwa inu mwasungitsidwa kiyi wina wake, kuntchito, pa msewu, m'nyumba mwanu. Lidzafika tsiku lotentha, ndipo anthu amene mumawalemekeza adzati mwawatsekera ngati mbuzi. Mtima wanu udzati ndi lero lokha. Pa tsikulo lolani akusekeni. Musaganize za amene akufuula pafupi nanu. Ganizani za amene wakhala phee m'bogi lomaliza, amene saona bwino, amene akukhulupirira kuti chitseko chikalola kutseguka ndiye kuti pansi pali popondapo.