Nkhanga ndi Malichero a Ufa

Kalekale, nyama zikadayankhula, panali Nkhanga, mayi wamasiye wa mwana mmodzi. Anali wosauka, koma Lamulungu ankayamba ndiye kufika pansi pa mkuyu pomwe nyama zinkapempherera. Kukagwa maliro ankakhala m'siwa, n'kumayimba mpaka mawu kusasa.

Mulungu anamukomera mtima. Mapira anabereka, nkhokwe zinadzaza, nthenga zinayamba kunyezimira. Basi, mayi uja anayamba kuyenda khosi lili m'mwamba, ngati mvulayo ankagwetsa yekha. Ku mkuyu anasiya kupita.

Tsiku lina kunabwera Mfuko, wokumba manda.

"Odi, mayi. Amayi anga atisiya."

"Pepani, bambo. Koma ndasamba kale, fumbi la kumanda lingandidetse. Tengani lichero la ufa ili likalire m'malo mwanga."

Mfuko anasenza ufa, napita.

Kenako kunabwera Fulu.

"Odi, mayi. Mlongo wanga watisiya."

"Pepani. Ndikachoka, nkhokwe andilondera ndani? Lichero ilo, likalire."

Fulu anasenza ufa, napita.

Kachitatu kunabwera Njiwa, mnzake woyimba naye kale.

"Achemwali, amuna anga apita. Tiyeni mukangokhala pafupi nane."

"Ufa uwo, tengani."

"Ufa ndili nawo, achemwali. Ndimafuna inu."

Nkhanga anatseka chitseko.

Ana inu, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'chilimwe mwana wa Nkhanga anatentha thupi, ndipo sanadzukenso. Mayi uja anatumiza uthenga m'mudzi monse, nayala mphasa pabwalo. Nyama zinabweradi, iliyonse ndi lichero pamutu. Zinatula ufa pamphasa paja, n'kutembenuka.

"Bambo Mfuko, nanga manda?"

"Akumbe malicherowa, mayi. Alirenso omwewa."

Pabwalo panangoti zii. Nkhanga anayang'ana ufa mbuu, anayang'ana mwana wake, nalira kulira komvetsa chisoni. Ananyamula mwanayo yekha kupita kumanda, nayamba kupalasa ndi zikhadabo. Nthaka inali gwa, zala zinatuluka magazi.

Ali mkati mopalasa anamva nyimbo kumbuyo. Anali Njiwa, chimanjamanja.

"Achemwali, mwabweranji? Ine ndinakutsekerani chitseko."

"Munatsekadi, ndipo zinandiwawa. Koma Mulungu sananditsekerepo chake."

Njiwa sadziwa kukumba. Anangoyimba, Nkhanga n'kumapalasa. Dzenje linathera m'mawondo, ndipo mwana wa mwini nkhokwe zodzaza anaikidwa ndi awiri okha.

Mpaka lero nkhanga imapalasa pansi ikulira, kufuna kukuza manda a mwana wake.

Mulungu akakudalitsa usakweze khosi. Chuma n'chake, anangokusungitsa, ndipo sichingalire maliro m'malo mwako.

Nthano yanga yagona pamenepa. Thamangani mukaphule mbatata, ingapserere.